Zimene Mita Imandinong'oneza

Kale tinkayenda, kabuku m'khwapa,
agalu a ku Chankhanga ankandidziwa fungo.
Ndinkaima pampanda n'kunena kuti odi,
mwininyumba n'kuyankha kuti lowani,
kapena kuti mubwere mawa.
Lero mita imadziyankhulira yokha.
Ola lisanathe yatumiza kale uthenga kanayi
pa kompyuta yanga,
osanena odi kwa munthu.

Anandiuza kuti ndi manambala chabe.
Koma mzere ukamakwera ndi kutsika pagalasipo
ine ndimaona zitseko zikutseguka.

Nayi nyumba ya ku Gundani.
Tambala asanalire ketulo yawira,
simbi yasita malaya amodzi,
kenako zii mpaka dzuwa kupendeka.
Chaka chatha ketuloyo inkawira kawiri.
Sindinafunse munthu. Ndikudziwa.

Iyi ya kufupi ndi damu la Chitete
makina osokera sagona
sukulu zikayandikira kutsegulira.
Ndimawerenga mayunifolomu ndisanawaone,
ndi ngongole yomwe.

Ina inali ndi kamakina kothandiza kupuma.
Kanayamba m'nyengo yachisanu,
kang'ung'udza usana ndi usiku miyezi isanu.
Lachitatu lapitali kanaleka.
Mzere unagwa, n'kugona osadzukanso.
Zovutazo ndinazimva ine
uthenga usanafike kwa abale ku Santhe,
ndipo ndinagwidwa manyazi
ngati munthu wosuzumira kubafa kwa eni.

Dzulo kunabwera a Chidzanja,
aja a katapila kuseri kwa depoti,
nsapato zili waliwali, atandigulira chakumwa chozizira.
Amvekere: mphwanga, msika wa fodya watsegulidwa ku Chinkhoma,
ungondilozera amene agula firiji,
amene ayamba kuyatsa mababu onse,
ndi nyumba zimene zimagona mumdima Loweruka.
Analowetsa envelopu pansi pa mafailo.
Inali yonenepa.
Lendi sindinalipire miyezi iwiri.
Ndinaiyang'ana nthawi yaitali,
yaitali kuposa mmene ndingaululire kutchalitchi.

Zala zanga, mwina pofuna kuchedwetsa tchimo,
zinalemba nambala ya mita ya kwathu.
Ndinadziona.
Babu la kuchipinda loyaka pakati pausiku
pamene ine ndi Nachisale timakangana monong'ona
kuti ana asamve.
Mbaula yamagetsi yozizira kuyambira pa twente,
masiku amene timabwerera kumakala.
Umphawi wanga utajambulidwa mwaukhondo,
wosavala kanthu,
kudikira aliyense wodziwa mawu achinsinsi.

Envelopu ndinaibweza.
Chakumwacho ndinamwa, bodza n'loipa.

Mmawa uno ndalembera akuluakulu kalata.
Ndati dzina ligone kwina, nambala kwina,
zisakumane popanda chifukwa.
Ndati wotsegula mbiri ya nyumba ya munthu
asiye phazi looneka, ngakhale ndi ineyo.
Zakale zifufutidwe bilu ikatha,
pakuti m'nkhokwe yodzala ndi zinsinsi
anankafumbwe sachedwa.
Ndipo musanagawireko wina aliyense,
kaya wa inshuwalansi, kaya wotsatsa masola,
bwererani kwa mwini mukanene kuti odi.
Akati ayi, magetsi ake ayakebe.

Kaya adzaiwerenga.
Abwana ali kumsonkhano ku Lilongwe mpaka Lolemba.

Poweruka ndinadzera kumsika.
Phiri la Kasungu linali litayamba kuda,
mazenera akuyaka limodzi limodzi kumunsi kwake.
Mayi wina wogulitsa tomato anandiikira basera,
nati mwaswera bwanji achimwene.
M'maso mwake munali tulo ta munthu wodzuka tambala asanalire.
Mwina ndi wa ketulo ija.
Mwina si iye.
Ndinayang'ana pansi, n'kulandira chenje,
ndinati ndaswera, kaya inu,
n'kudikira kuti andiuze yekha
zimene akufuna kuti ndidziwe.